Adzabwera Kudzakutenga

Uthenga unandipeza pamsika ku Fingoe ndikuyeza nyemba m'kachitini. Anaimba foni ndi mayi wina wa kwathu ku Chiputo, ndipo sanazungulire. "Selina, azakhali ako a Rozalina atisiya. Tawapeza m'mawa uno atakhala pakhonde, atatsamira khoma." Ndinati zikomo, ndinamaliza kuyeza nyembazo, ndinamumangira wogula uja. Ndinadikira misozi mpaka madzulo, sinabwere. Ndinadikiranso mkwiyo, poti chifukwa chokwiyira ndinali nacho, nawonso sunabwere. M'mtima munangoti zii, ndipo mpaka lero ndi momwemo.

A Rozalina anali alongo awo a bambo anga. Mwana wawo, Dumingu, ndi amene anapha bambo anga ndi khasu zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ine ndikuona. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa kwathu munthu akatchula dzina la azakhali, aliyense amathamangira pomwepo, ngati kuti moyo wawo wonse unali m'mawa umodzi uja. Ine ndikufuna ndinene za munthu amene ndinkamudziwa tsikulo lisanafike.

Anthu ankawatchula kuti Anabanda a kumpanda. Titabwerako ku Zambia nkhondo itatha, ine ndili kamwana, mabanja onse anamanga moyandikana, pafupi ndi tchalitchi ndi chitsime. Iwo anakamanga paokha kuseri kwa kaphiri, patali poti ukanyamuka ndi phala lotentha umakafika litazizira. Nyumbayo anaizunguliza ndi mpanda wa minga wautali kuposa munthu, ndipo chaka chilichonse ankawonjezera nthambi zina. Khomo linali limodzi, la matabwa, lokhoma ndi kadeyado wamkulu amene anabwera naye kuchokera ku Zambia. Kiyi ankamuvala m'khosi pamodzi ndi kolona. Ukafika n'kunena kuti odi, sankayankha kuti lowani. Ankabwera pakhomopo, n'kuyankhula nawe kudzera pamwamba pa matabwa.

Madzulo aliwonse ankasesa kanjira ka kunja kwa khomo mpaka kusalala, kuti m'mawa adzawerenge mapazi. Phazi la aliyense m'mudzi ankalidziwa. Tsiku lina anandiimitsa pachitsime. "Dzulo unafika pakhomo panga n'kubwerera, iwe Selina. Unkafuna chiyani?" Ndinali nditangopita kukasuzumira mbuzi zawo, zimene zinali zonenepa kuposa za wina aliyense. Ndinakana, iwo anangoyang'ana mapazi anga, ndiye anati chala changa chachiwiri n'chachitali kuposa chachikulu, ndisamavutike kunama.

Musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Ankandipatsa mtedza wokazinga pamwamba pa khomo lija, wambiri mpaka kusefukira m'manja. Amayi anga atadwala, azakhali anatumiza nkhuku ziwiri ndi uchi. Mawu awo oimbira anali okoma moti akayambitsa nyimbo m'tchalitchi azimayi ena ankachedwa dala kulowerera kuti ayambe amvako. Kuseka ankaseka, koma pang'ono, atagwira pakamwa, maso ali kwina. Nthawi zonse maso awo ankakhala kwa Dumingu.

Chimene chinawachitikira aliyense ankachidziwa, ngakhale iwo sankachinena. Nthawi ya nkhondo anali ndi ana atatu, onse aamuna. Tsiku lina anatuma akuluakulu awiriwo kukapempha mchere kumudzi wina. Anthu a mfuti anawatenga panjira. Amuna a azakhali anatsatira mapazi kuti akawachonderere, nawonso sanabwerenso. Azakhali anabereka Dumingu kumbuyo, ali wakhanda, n'kuyenda mpaka ku Zambia. Pambuyo pake ankati njira ndiyo inawadyera ana, ndipo anaipatsa okha ndi pakamwa pawo, chifukwa cha mchere. Ankatinso amene analoza ana awo kwa anthu a mfuti aja anali munthu wodziwika, woti ankadya naye limodzi. Dzina lake sanalitchulepo. Mwina sankalidziwa n'komwe, choncho aliyense anasanduka munthuyo.

Dumingu azakhali ankamutchula kuti mwana. Ali ndi zaka zisanu anali mwana, ali ndi zaka makumi atatu anali mwana. Tsitsi ankamumeta okha. Nsapato zake ankazisunga m'mala, chikwama chawo chachitsulo, n'kumazitulutsa Lamulungu lokha. Kutchalitchi ankakhala naye mbali ya azimayi, pafupi ndi khomo, mpaka ndevu zinamera ali pakati pa zitenje. Akatekisita atanena kuti mnyamatayo wakula, azikhala kwa amuna anzake, azakhali sanatsutse. Anangosiya kubwera. Kuyambira pamenepo ankapemphera awiri kunyumba, ndipo nyimbo zawo tinkazimva patalipatali mphepo ikachokera kukaphiri.

Ndi apurofesoro a pasukulu anakangana chaka chathunthu. Mphunzitsiyo anapitako kanayi, n'kumaima kunja kwa mpanda chipewa chili m'manja. Azakhali anamuuza kuti ana awo awiri aja ankadziwa kuwerenga, ndipo kuwerengako sikunawabweze. Anyamata atayamba kupita kokumba golide, ena n'kumabwera ndi mawailesi ndi njinga zamoto, iwo ankati kumeneko n'kokumba manda ako wekha. Mpira ayi, kumsika ayi, kudambo kukasamba ndi anzake ayi. Munda wawo unali kumbuyo kwa nyumba, ndipo akamapita kukatunga madzi ankamukhomera mkati.

Ine ndi Dumingu tinali asuweni, ndipo mukudziwa mmene chisuweni chimakhalira, kutukwanizana mocheza, kuitanana mkazi wanga, mwamuna wanga. Nditasinkhuka ndinayesa. Ndinamuona kudzera pampata wa minga akusenda chinangwa, ndinakuwa kuti, "Amuna anga, mwandiiwala? Chitenje changa chili kuti?" Anataya mpeni n'kuthawira m'nyumba ngati waona njoka. Azakhali anatulukira, nkhope ili gwa. "Pano palibe chisuweni. Ukacheze ndi asuweni ako ena."

Tsiku lomwelo, m'malo mopita kwathu, ndinabisala kuseri kwa mpanda, poti ndinali mwana wachidwi. Ndinamva azakhali akuyankhula naye mofatsa, ndi mawu a munthu wonyengerera mwana kuti adye. "Waona? Amayamba choncho, ndi nthabwala. Tsiku lina adzabwera kudzakutenga. Adzabwera akuseka, anthu owadziwa. Akadzati tabwera kudzakutenga, usadzalole. Wamva, mwana?" Iye anayankha kuti ndamva, amayi. Mmene anayankhira, mosaganizira, ndinadziwa kuti sikanali koyamba. Zinali ngati pemphero loloweza. Ndinabwerera kwathu, ndipo sindinauze munthu. Ndinkaona ngati ndi zopenga chabe za azakhali.

Amene ankalimbana nawo kwenikweni anali bambo anga. Kwathu malume ndiye mwini wa ana a mlongo wake, ndiye amene amaona za ukwati wawo ndi milandu yawo, ndipo bambo nkhani ya Dumingu inkawadya. Anali munthu waphokoso, woseka mokweza, wokhulupirira kuti palibe vuto losatha anthu akakhala pansi. Ndi azakhali ankakhala pansi, iwo kunja, azakhali mkati, khomo lili pakati.

"Alongo, munthuyu mukumuweta ngati nkhumba ya pa Khirisimasi. Mudzamudya?"

"Ali moyo kapena sali moyo?"

"Ali moyo, inde, koma..."

"Basi. Inu anu onse alipo. Musandiphunzitse."

Dumingu atakwanitsa zaka makumi awiri, bambo anagulitsa mbuzi n'kumugulira njinga. Anaikweza pamwamba pa khomo n'kuitsitsira mkati, akuseka, akuti tsopano tione ngati minga ingamugwire. Patapita masiku awiri azakhali anati tcheni chaduka ndipo chatayika. Bambo anagula china, nacho akuti chinaduka. Sanagulenso. Njingayo inakhala yotsamira khoma la nkhokwe zaka khumi, ndipo amene ankadutsa ankamuona Dumingu atakhala pa chishalo, phewa litatsamira nkhokwe, akupalasa mapedulo opanda kanthu, thukuta lili kamukamu. Anyamata ankaseka, ankati lero wafika ku Tete. Inenso ndinkaseka nawo.

Zizindikiro zinalipo, tikunena tsopano, poti zinthu zikachitika aliyense amasanduka wanzeru. Mtengo wa mango wa mkati mwa mpanda unauma chifukwa chomenyedwa ndi chibonga tsiku ndi tsiku. Mbuzi ina imene inkakonda kuboola mpanda n'kutuluka Dumingu anaithyola miyendo iwiri yakutsogolo, ndiye anakhala pansi n'kumaisisita, akuiuza kuti kunja n'koipa. Azakhali anaipha, nyama anatigawirako, ndipo tinadya. Mwana wa mnansi atalowa pampata kutsatira nkhuku, Dumingu anamugwira pakhosi mpaka azakhali anachita kumuluma dzanja kuti asiye. Nkhaniyo inatha ndi thumba la chimanga. Azakhali anati anadzidzimuka chabe, ndi mwana.

Chimene chinafikitsa bambo pamapeto chinali manda. Kwathu mwamuna aliyense amakumba nawo manda a anzake, ndipo Dumingu, wa zaka makumi atatu, anali asanagwirepo khasu kumanda. Amuna a m'mudzi anayamba kunena poyera kuti Anabanda akadzamwalira adzadzikumbira okha. Bambo zinawapweteka, poti anali alongo awo. Ndiye kunagwa maliro a mkulu wina, m'nyengo ya mvula, ndipo bambo anati lero lokha apita.

Tinanyamuka limodzi dzuwa litangotuluka, ine nditasenza ufa wa kumaliro. Tinapeza khomo lili lokhoma, azakhali atapita kuchitsime. Bambo anati zakhala bwino. Anakoka nthambi ziwiri za minga pambali pa khomo n'kulowa. Ine ndinaima pampatapo. Dumingu anali pafupi ndi nkhokwe akupalira maungu, khasu lili m'manja. Anawongoka n'kuwayang'ana. Bambo ankaseka monga mwa masiku onse.

"Ehee, khasu uli nalo kale. Tiye, Dumingu. Ndabwera kudzakutenga."

Mawuwo atangotuluka ndinawazindikira.

"Mwati chiyani?" anafunsa Dumingu, motsitsa.

"Ndati ndabwera kudzakutenga. Amayi ako ndikambirana nawo ine." Anatambasula dzanja n'kumugwira pamkono.

Anawamenya kawiri, kumutu. Panalibe kukuwa, panalibe kutukwana. Bambo anagwada kaye, kenako anagwa chammbali pa maungu paja. Dumingu anaimika khasu pakhoma bwinobwino, analowa m'chipinda chake n'kukhala pamphasa. Ufa uja sindikumbukira kuti ndinautula, koma pambuyo pake ndinaupeza uli pansi, wosatayika ngakhale pang'ono.

Ndinali nditagwira mutu wa bambo pamene azakhali anafika. Anatsegula kadeyado, ngakhale mpata unali pambali pomwepo, analowa ndowa ili pamutu. Dumingu anatulukira pakhomo la chipinda.

"Amayi, anabwera. Sindinalole."

Azakhali anatula ndowa ija pang'onopang'ono. Anayang'ana alongo awo, anayang'ana mwana wawo. Ndiye anapita kwa mwanayo n'kuyamba kumufufuza m'mikono, kuona ngati wavulala.

Amuna amene anali kumanda aja ndiwo anabwera kudzanyamula bambo. Mvula inali itawononga msewu, mtsinje unali wodzaza, galimoto silikanafika. Anawanyamula pamachira kulowera ku Fingoe, ndipo anamwalira tsiku lachiwiri, chipatala tisanachione. Apolisiya anafika patapita masiku anayi. Anapeza khomo lili lokhoma, azakhali ataima kumbuyo kwake, akuwauza kuti mkatimo mulibe munthu woti n'kumanga, muli mwana. Anathyola khomolo. Akumutulutsa, Dumingu sanalimbane nawo. Ankangoyang'ana uku ndi uku, mitengo, nyumba, anthu, ngati mlendo. Azakhali anawathamangira ndi nsapato zija m'manja.

Dumingu ndinamuona kamodzi kundende ya ku Tete, imene kwathu timati kadeya, patapita zaka zisanu. Sindikudziwa chimene ndinapitira. Ndinkaganiza kuti ndikamuona ndikwiya, ndipo kukwiyako kundithandiza. Ndinapeza munthu wonenepa, woyang'ana m'maso. Choyamba anafunsa ngati amayi ake akudziwa kuti ndabwera. Kenako anandionetsa kuti waphunzira kulemba dzina lake, analemba ndi chala patebulo. "Kuno kuli anthu, Selina. Timacheza. Ndimasewera bawo." Ananena mosangalala, ngati munthu wofotokoza za kutauni. Nditanyamuka kuti ndizipita, anandifunsa kuti, "Malume aja anali munthu wabwino, eti?" Sankadzikhululukira. Ankafunsa chifukwa sankadziwa. Ndinati eya, iye anagwedeza mutu n'kuyang'ana pansi.

Azakhali anakhala okha zaka zonsezi. Kumaliro a bambo sanabwere, ndipo amayi anga anamwalira asanayankhulane nawo. Ine ndinapitako nditabwerako ku Tete. Khomo anali atalikonza, kanjira kanali kosesedwa. Anandiyang'ana pamwamba pa matabwa, atakalamba kwambiri, n'kundipatsa mtedza monga kale. Ndinalandira. Ndinawauza kuti ndamuona Dumingu.

"Akudya?"

"Akudya."

"Kumeneko amakhoma?"

"Amakhoma, azakhali."

"Chabwino." Anapuma mozama, ngati munthu amene watula katundu. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Alongo anga akanangonena kuti tiye kumaliro. Mawu alipo ambiri."

Kumeneko ndiye kunali kupepesa kwawo konse. Ndinafuna kuwauza kuti mawu amenewo anawasula okha, n'kuwanola zaka makumi atatu. Ndinafunanso kuwauza kuti ndinawamva tsiku lija kuseri kwa mpanda, ndipo ndikanawachenjeza bambo. Zonse ziwiri sindinanene. Tinaima choncho, iwo mkati, ine kunja, ndikutafuna mtedza.

Manda awo anakumbidwa. Amuna omwe aja amene analumbira kuti sadzakumba ndiwo anabwera ndi makasu, ena ndi ana awo, osayankhula zambiri. Azimayi anaimba nyimbo zimene azakhali ankayambitsa kale, ndipo zinkamveka zoperewera. Olira anali ochepa. Kukadeya tinatumiza uthenga, yankho silinabwere. Kiyi uja anamuvula m'khosi mwawo n'kundipatsa ine, chifukwa wachibale wapafupi amene watsala ndine.

Choncho, tsiku lotsatira, ndinalowa pakhomo lija koyamba m'moyo wanga, poti tsiku la bambo ndinalowera pampata. Malo ake ndi aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira. Kuchokera pakhonde kufika pampanda ndi mapazi khumi ndi asanu, ndinawerenga. Chitsa cha mango chilipo. Pamene panali maungu pamera chisoso. Mbuzi anansi anali atazitenga kale, khola lili pululu. Chipinda cha Dumingu chinali chosesedwa, mphasa yoyalidwa, bulangete lopindidwa, ndipo chokhomera chitseko chili kunja. Njinga ikadali yotsamira nkhokwe, matayala ataphwa n'kung'ambika, chishalo chitadyeka mbali imodzi. Pakhoma la nkhokwe pali kadzenje kosalala pamene phewa lake linkatsamira.

Mala uja ndinamupeza pansi pa bedi lawo. Munali zitenje ziwiri, buku la nyimbo, ndi kamtolo kolemera kokulungidwa m'malaya a mwana wakhanda. Ndinakamasula. Munali matcheni awiri a njinga, athunthu, osaduka paliponse, opanda dzimbiri ngakhale pang'ono. Anali onyowa ndi mafuta, ndipo mafutawo anali atsopano, anandidetsa zala. Zaka zonsezi ankawadzoza.

Ndinawakulunganso n'kuwabwezera momwemo. Ndinatuluka, ndinakankha khomo, koma sindinakhome. Kanjira kaja palibe amene wakasesa chimwalirire iwo, ndipo kadzaza mapazi a anthu obwera kumaliro, akulu ndi ang'ono, opondana, olowa ndi otuluka. Ndinaima n'kuwayang'ana kwa kanthawi. Sindinazindikire ngakhale limodzi.